Kwa mwana wanga Yohane, za masheya aja

Wokondedwa mwana wanga,

Ife kuno ku Chipata tadzuka, kaya iwe ndi amake Tiyanjane ndi ana. Amai ako bondo lija likuwavutabe, koma kumunda salephera. Nshawa takumba, zili pabwalo zikuuma.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umafulumira kunena kuti "ndamva atate" usanamve kanthu. Mlongo wako wandiuza zonse. Usamukalipire, ndine ndinamuumiriza. Akuti unatenga 20 peresenti ya ndalama zako za penshoni ku NAPSA, ija boma linalola mu 2023, ndipo waona kuti yachepa. Tsopano ukufuna kuwonjezera ngongole yodula pa malipiro, ndiponso wayamba kufunsa mtengo wa puloti ija ya ku Kapata. Zonsezi kuti ugule masheya ku Malawi, m'dzina la mnzako uja. Tsiku limenelo nsima sindinaimalize.

Pepala limene anakupatsa ndaliona, mlongo wako anandijambulira pa WhatsApp. Ndaliwerenga katatu nditavala magalasi. Masamu ndinaphunzitsa zaka 31, mzere wokwera ndimauzindikira. Ndipo sindikunena kuti ndi za akuba. National Investment Trust, imene ukufuna kugulamo masheyayo, ndi thumba lenileni la ndalama, lili pa msika wa masheya ku Blantyre kuyambira 2005. Si zija za "bwera ndi anthu atatu, ulandire kawiri". Koma ndi thumba lotseka, kodi mnzakoyo anakufotokozera tanthauzo lake?

Ganizira nkhokwe imene anthu ambiri asonkha chimanga, kenaka aimata, chiwerengero cha magawo chatha pomwepo. Iwe ukafuna kutuluka, osunga nkhokwe sakutapira chimanga chako ayi. Uyenera kupeza munthu wina wogula gawo lako, pa mtengo umene iyeyo walola. N'chifukwa chake m'matumba otere sheya imatha kugulidwa motsika kuposa chuma chimene chili m'katimo. Wogula pa nthawi yotere amasangalala. Wogulitsa chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu amalira. Ukudziwa mmene mavenda amatichitira mu May, aliyense akafuna ndalama tsiku limodzi.

Ndinazionapo ine. Msika wa masheya wa ku Lusaka utatsegulidwa mu 1994, boma likugulitsa makampani ake, ndinagula timasheya pang'ono ndi ndalama za fodya. Satifiketi yake ndinaiika m'pulasitiki, m'kati mwa Baibulo la amai ako. Chaka cha njala cha 2002, iwe unali giredi 7, agogo ako atagonekedwa kuchipatala, ndinakwera basi mpaka ku Lusaka kuti ndikagulitse. Ndinayesa ndibwerako mawa lake ndalama zili m'thumba. Ndinagona masiku asanu pa mphasa kwa amalume ako, wogula osaoneka, ndipo atapezeka ndinalandira zochepa kuposa zimene ndinalipira. Mphunzitsi mnzanga amene sanagulitse akulandirabe dividendi, gawo lake la phindu la kampani, mpaka lero. Sanandipose nzeru. Iye analibe wodwala chaka chimenecho, basi.

Ndiye ukamaona mzere wa zaka zambiri uja, dziwa kuti phindu lake analidya ndi anthu amene anakwanitsa kudikira zaka zonsezo osakhudza. Thumba lakale kwambiri la mtundu umenewu, Foreign and Colonial, linayamba ku London mu 1868 ndipo lilipobe. Lapyola m'nkhondo ziwiri za dziko lonse. Amene anasiyira adzukulu masheya ake anachita bwino, sindikana. Koma ku New York kunali lina, Goldman Sachs Trading Corporation, limene linayamba kumapeto kwa 1928 anthu akulimbirana. Msika utagwa mu 1929, pofika 1932 sheya imene poyamba inagulitsidwa pa madola oposa 100 inali yosakwana madola 2. Matumba ambiri a nthawi imeneyo anali atakongola ndalama kuti agule masheya ochuluka, ndipo ngongoleyo ndiyo inawamiza. Amenewo pa pepala la mnzako sangalembedwe, pamalembedwa opulumuka okha.

Ngongole, Yohane! Apa ndiye pandiwawa. Ngongole ya pa malipiro sidikira zaka khumi, imadula mwezi ndi mwezi, masheya akwere kapena atsike. Malipiro akaperewera udzapita kwa a kaloba, okongoza ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu aja, ndipo kwa a kaloba ndikudziwa amene anapitako ndi njinga nabwerako wapansi. Ndinakulera kuti uziopa ngongole. Uli mwana unkabweza ngakhale chenje cha mchere osachotsapo ngwee, amai ako akukusimbabe. Nanga lero chakulowa n'chiyani?

Chinanso, manambala a pa pepala paja ali mu kwacha ya Malawi, pomwe iwe lendi ndi fizi umalipira mu kwacha yathu. Kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Funsa azimai amene amadutsa pa Mwami kupita ku Mchinji, akuuza mmene mpukutu wa ndalama unapepukira m'manja mwawo. Nayonso yathu si yoyera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mitengo inkakwera kuposa kawiri pa chaka, ndipo mu 2013 anachita kudula maziro atatu. Phindu lenileni ndi limene latsala ukachotsa kugwa kwa ndalama, kukwera kwa mitengo, msonkho ndi malipiro a oyendetsa thumba. Tenga pensulo uchotsere wekha.

Za mnzako uja sindimafuna kulankhula zambiri, koma ndilankhula. Masheya akalembedwa m'dzina lake, ndi ake. Mukayambana, kapena Mulungu akamutenga, udzaima pamaso pa abale ake ndi chiyani m'manja? Mauthenga a pa foni? Ndi yemwe uja anakusiya pa siteshoni ndi katundu wake wa salaula, ine sindinaiwale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga.

Sindikukuletsa masheya. Ndikadakhala ndi zaka zako ndikadagulanso, koma ndi ndalama imene ndingaiiwale zaka khumi kapena kuposa, m'dzina langa, kudzera kwa buloka, wogulira anthu masheya, wovomerezedwa ndi Securities and Exchange Commission, bungwe loyang'anira malonda a masheya kuno ku Zambia, pang'onopang'ono ngati chilimba. Puloti isiye. Amai ako anagulitsa mbuzi zinayi kuti tikuwonjezere pamene unkaigula, ndipo amati akadutsa pamenepo amaima kuona mango aja unabzala. Ngongole usatenge. Ndabwereza dala.

Kodi amake Tiyanjane akudziwa? Ngati sunawauze, uwauze usiku uno, ndalamazo ndi za ana awonso.

Nshawa zikauma titumiza thumba limodzi pa basi ya m'mawa, ndidzakuimbira kukuuza nambala ya kondakitala. Mwezi wa August bwera tipite limodzi ku Kulamba ku Mkaika, ubwere ndi mapepala onse, tidzakhale pakhonde tiwerengere. Usasaine kanthu tisanaonane.

Ndine atate wako.