Lipoti la msonkhano wounika zithunzi za nyama ku Monkey Bay

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Ndabwerako ku Monkey Bay kumene munandituma, ndipo zithunzi 12 zija ndabwera nazo zonse, kungoti kuseri kwa chilichonse tsopano kuli zolemba za pensulo. Ndipepese kuti tsiku loyamba ndinafika mochedwa. Minibasi inakhalitsa pa depoti kudikira kudzaza, moti mwambo wotsegulira unandipita. Amene analipo akuti anali malonje okhaokha.

Munandituma ziwiri: kuti zithunzi zathu zikaunikidwe, ndiponso kuti ndikafunse ngati ndalama takhala tikusonkhazi tigulire lenzi yaitali ija. Ndiyamba ndi zithunzi, chifukwa yankho la lenzi latuluka m'menemo.

Ounika analipo awiri, bambo wina amene wajambula nyama ku Liwonde kwa zaka zambiri, ndi mayi wina amene ntchito yake ndi kujambula nsomba pansi pa madzi. Chithunzi ankachionetsa pakhoma popanda dzina la mwiniwake, aliyense n'kunenapo zake, ounikawo n'kutsendera. Kubisa mayinako kunandithandiza, chifukwa choyamba kuikidwa pakhoma mwa zathu chinali changa chomwe, nkhwazi ija ndinaijambula kunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi, imene munandiyamikira nayo kwambiri.

Pakhoma inaoneka ina. Mutu ndi chifuwa, m'mene nkhwazi ili yoyera, munalibe nthenga ngakhale imodzi, mbee ngati pepala. Mapiko anali chimbuuzi. Bambo aja anatsegula zimene kamera imasunga m'kati mwa chithunzi, n'kupeza kuti ndinajambula pa 1/250, kutanthauza kuti diso la kamera linatseguka kwa gawo limodzi mwa magawo 250 a sekondi. Anati mbalame youluka imafuna 1/1000 kupita m'tsogolo, ndipo nkhwazi ikamatsika kudzawakha nsomba iwo amaika 1/2000. Ine ndinkadziwa zimenezi, koma liwiro lotere limafuna kukweza ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa, ndipo ndimaopa timadontho tija timaoneka ngati mchenga ukaikweza. Anaseka. Akuti chithunzi cha timadontho munthu amachiona n'kuchikonda, ndipo timadonthoto timachepetseka pa kompyuta, koma phiko losaoneka palibe angalibweze. Za mutu woyerawo anafotokoza kuti kamera imayeza kuwala kwa malo onse. Kumbuyo kwa mbalame yanga kunali mitengo yakuda bii, ndiye kamera inawonjezera kuwala kuti mitengoyo ioneke, mutu wa nkhwazi n'kupsa. Mankhwala ake ndi kabatani ka + ndi − kaja: kutsitsa kufika pa −1 usanajambule chilichonse choyera, kaya nkhwazi, kaya kakowa. Pa mafoni ambiri n'chimodzimodzi, umadina pa mbalameyo kenaka n'kukokera pansi kadzuwa kamene kamatuluka pambali. Ndinangoti zii pampando, ngati chithunzicho ndi cha munthu wa ku Salima.

Zithunzi zitatu za anyani a ku Cape Maclear sanachedwe nazo. Ziwiri anyaniwo atipatsa nkhongo. Chachitatu nyani akuyang'ana kumanja, koma ali kumapeto kwenikweni kwa dzanja lamanjalo, mphuno yatsala pang'ono kugunda m'mphepete, pamene kumbuyo kwake kwatsala bwalo lonse lopanda kanthu. Anati nyama uziisiyira malo kumene yaloza nkhope, woona chithunzi aziganiza kuti ikupita kwinakwake. Pamwamba pa mutu wake pameranso nthambi ngati nyanga. Wojambula akanasuntha phazi limodzi lokha, nthambiyo ikanachoka.

Mvuu za ku Malombe zinatenga nthawi. Mayi wina wa ku Zomba anafunsa moona mtima ngati inali miyala. Chithunzicho chinajambulidwa pa foni, mokoka ndi zala mpaka zoom kuthera, ndipo ounika anati pa mafoni ambiri kukoka koteroko sikuyandikitsa kanthu, kumangodula chithunzi n'kuchifufumitsa. N'chifukwa chake makutu a mvuu akuoneka ngati opakidwa ndi chala. Komanso nyanja yapendekeka, madzi akuchita ngati akhuthukira kumanzere. Vuto lopendekekali analipeza pa zithunzi zathu zisanu, ndipo kwa ife okhala kunyanja ndi lochititsa manyazi, pakuti mzere umene madzi amakumana ndi thambo timakhala nawo pafupifupi pa chithunzi chilichonse. Anati tiyatse timizere ta grid pa foni ndi pa kamera. Timizere tomweto timagawa chithunzi patatu, ndipo diso la nyama likakhala pamene tadutsana, chithunzi chimakhazikika kuposa kuika nyama pakatikati nthawi zonse.

Koma pa mvuu anachenjeza mobwereza kuti wina asamve ngati akunena kuti tiziyandikira. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa zimene mvuu imachita ndi bwato, ndipo kuyasamula kuja alendo amakukondaku nthawi zambiri kumakhala kuopseza. Apa anavomera kuti lenzi yaitali ikanathandiza.

Tsopano mverani ichi, a komiti. Mukukumbuka chithunzi cha mphaka chija tinatsala pang'ono kuchisiya, ena akuti kumsonkhano wa nyama sitingapite ndi mphaka wa padoko? Ndicho chinakhala pakhoma nthawi yaitali kuposa zathu zonse, ndipo mayi wounika uja anapempha kuti achibwezerenso kachiwiri. Mwana wathu wa sukulu uja anachijambula pa foni wamba. Mphaka ali pansi pa thandala, khosi latukulidwa, akuyang'ana usipa umene wayanikidwa pamwamba. Mayiwo anatiuza kuti tione kumene wojambula anali: sanaimirire, anagona chafufumimba pamchenga, foni ili pa msinkhu wa maso a mphakayo. Chifukwa cha kutsikako, kumbuyo sikukuoneka mchenga wa zinyalala ayi, kukuoneka nyanja ili patali, yofewa, yosalimbana ndi mphaka. Dzuwa linali litangotuluka, likuwomba cha m'mbali, ndiye ndevu iliyonse ikuwerengeka, ndipo m'diso muli kadontho kowala. Anati kadontho kameneko ndi kamene kamasiyanitsa nyama yamoyo ndi youmikidwa ya ku museum. Ndipo chachikulu, mphakayo akuchita kanthu. Aliyense m'chipindamo anadziwa chimene chili mumtima mwake, mpaka bambo wina anati mwini usipa achenjere.

Cholakwika anachipeza chimodzi: nsonga ya mchira yadulidwa. Akuti ukafuna kudula, dula mooneka kuti wachita dala, monga kutenga mutu ndi mapewa okha, koma osati kubudula kansonga ka mchira kapena zikhadabo. Mwana ameneyu tisamuchedwetse ndi nkhani za makamera. Timupatse mpata pa msonkhano wathu wotsatira atiuze yekha m'mene anachitira.

Tsiku lachiwiri tinakwera boti ku Chembe kupita ku chilumba cha Thumbi, m'kati mwa paki ya Lake Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zake. Mwera unali utayamba, boti likuvina, ndipo apo ndinamvetsa ndi manja anga zimene ankanena dzulo lake. Bambo wina anandibwereka kamera ya lenzi yaitali ya 400mm. Imalemera, ndipo kunjenjemera pang'ono kwa dzanja imakukulitsa pamodzi ndi mbalameyo. Nkhwazi ndinkaiona bwinobwino ndi maso, koma ndikaika diso pa kamera ndinkangopeza thambo. Pamene ndimaipeza inali itatenga kale nsomba, ikubwerera ku mtengo. Mwini kamerayo anandionetsa kuti uyambe kuitsata idakali pa nthambi, fokasi ikhale yotsatira, imene pa Canon amati AI Servo ndipo pa Nikon AF-C, kenaka udine osachotsa chala kuti kamera iwombe zingapo motsatizana. Pa zithunzi zoposa 60 zimene ndinajambula, zakuthwa zinali ziwiri.

Pobwerera panabuka mkangano umene sunathe. Nkhwazi za kumeneko zimatsika chifukwa anyamata a boti amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi. Ena ankati chithunzi chotere ndi chogula, ndipo mbalame ikuzolowetsedwa kupempha. Ena ankati anyamatawo ndi pamene amapezera ya ufa, ndipo nkhwaziyo imasakabe yokha. Ounika sanagamule, anangoti amene wajambula nkhwazi yoponyeredwa nsomba azinena poyera, makamaka akamalowa mpikisano, chifukwa mipikisano yambiri ya zithunzi za nyama zakutchire imakana nyambo. Ine maganizo anga ndi akuti ifenso tikhale ndi lamulo limeneli m'gulu mwathu. Pa anyani pokha onse anagwirizana kuti kuwaponyera chakudya n'kulakwa, poti nyani wozolowera mapeto ake amalanda ndi kuluma.

Za mbuna ndinene mwachidule, poti mwa ife amene ali ndi kathumba kotchinga madzi kojambulira pansi pa nyanja ndi mmodzi yekha. Malangizo ake ndi otembenuza zonse tinamva pamtunda. Kumtunda amati pewa dzuwa la paliwombo, jambula m'mamawa kapena madzulo. M'madzi dzuwa la masana ndiye labwino, chifukwa ndi limene limalowa pansi. Madzi amameza mtundu wofiira msanga, ndiye ukatalikira, nsomba yokongola imatuluka yotuwa. Mayi wounika uja anati yandikira mpaka pafupifupi utali wa mkono, ugwire mwala, ukhale phee, mbuna zimabwera zokha poti mwalawo ndi kwawo.

Pali china chimene chinandipweteka chifukwa ndi chopeweka. Zithunzi zathu zinayi zinkaoneka zophwanyikaphwanyika pakhoma, osati chifukwa cha ojambula, koma chifukwa zinandipeza kudzera pa WhatsApp, ena atachita kutumizirana kawiri katatu. WhatsApp imafinya chithunzi kuti chipepuke. Kuyambira lero, chopita kukasindikizidwa kapena kukaunikidwa tizitumiza ngati document, apo ayi tibweretse memory card. Ndipo amene timakonda kuthira mitundu pa Snapseed, pulogalamu ya pa foni yokonzera zithunzi, tichepetse dzanja. Chithunzi cha ng'azi chija anati n'chabwino, koma mwala wasanduka wa olenji ndipo nyanja ili ndi buluu amene sanaonekepo chiyambire pa nyanja ya Malawi.

Ndifike pa lenzi. Ndinawafunsa bambo a ku Liwonde aja pa nthawi ya tiyi, ndipo m'malo moyankha anandiuza kuti ndiyale zithunzi zathu patebulo, ndipatule zimene zikanakonzeka ndi lenzi yaitali. Ndinapatula ziwiri, mvuu ndi vuwo uja ali pakati pa madzi. Khumi zotsalazo mavuto ake anali nthawi imene tinajambula, pamene tinaima, zimene zinali kumbuyo, ndi makonzedwe a kamera imene tili nayo kale. Anawonjezera kuti lenzi imodzi pa anthu ochuluka chonchi izikhala m'chikwama cha munthu mmodzi, ena n'kumadikira mwezi wathunthu, pamene kugwada aliyense angayambe mawa.

Choncho pempho langa ndi lakuti lenzi tiyambe taimika kwa miyezi itatu. Ndikudziwa kuti ena zikuwawani, makamaka amene mumalakalaka ulendo wa ku Liwonde, kumene bungwe losamalira nyama la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015 ndipo mikango inabwezeretsedwako mu 2018. Kumeneko lenzi idzafunikadi, sindikukana, poti sutsika galimoto kukagona chafufumimba pamaso pa mkango. Koma tikapita ndi manja amene ndinali nawo pa boti paja, tidzabwerako ndi mikango ya chimbuuzi titalipira geti ndi galimoto. Pakadali pano gawo lochepa la ndalamazo ligule batire yachiwiri ndi memory card ina, ndipo mwezi uliwonse tizisindikiza zithunzi zingapo n'kuziunika tokha popanda mayina, monga anachitira kumeneko. Chogonekapo kamera sitigula. Anationetsa kathumba ka nsalu kothira mpunga, kamene umaika pa windo la galimoto kapena pamwala, ndipo a telala athu akhoza kutisokera titatu ndi zidutswa.

Chigamulo ndi chanu pa msonkhano wa mwezi uno. Malisiti a mayendedwe ndi malo ogona ndapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi chenji. Eni zithunzi mudzatenge zanu kwa ine, muwerenge zolembedwa kuseriko. Zina ndi zolemba zothamanga, ndidzakuthandizani kumasulira. Mayi wounika uja apempha chithunzi cha mphaka chosafinyidwa, ndiye a mlembi mulankhule ndi makolo a mwanayo kaye tisanatumize. Amene angathe, Loweruka likubwerali tikumane pa mlatho nthawi ya 5:30 m'mawa, akakowa asanabalalike. Muvale zovala zoti simudandaula nazo zikada.

Ine nthumwi yanu.