Buluku Lako la Jinzi

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, kungoti masiku ano polowetsa ulusi pa singano ndimachita kutuluka pakhonde kuti ndione bwino. Buluku lako lija ndalipinda miyendo, amalume ako abwera nalo Loweruka. Nsalu yake ndi yolimba zedi, mpaka singano imodzi yathyoka. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira funso lako lija lakuti, "Agogo, bwanji timati jinzi?"

Tamvera tsono. Ku Italy kuli mzinda wa m'mphepete mwa nyanja wotchedwa Genoa, kumene kunkachokera nsalu yosang'ambika msanga yomwe anthu ogwira ntchito m'zombo ankaikonda. Afalansa mzindawo amautchula kuti Gênes. Angerezi anatola dzinalo nati jeans, ife ndi lilime lathu tinati jinzi. Nsalu yabuluuyo amaitchanso denim, kuchokera ku mawu a Chifalansa akuti de Nîmes, ndiye kuti "ya ku Nîmes", mzinda wa ku France. Zili ngati mmene timanenera kuti chambo cha ku Mangochi kapena mpunga wa ku Karonga.

Ukalilandira, upapase m'makona a matumba. Upeza tizitsulo tating'ono tozungulira. Amene anaganiza zoika timeneti anali telala ngati ine, dzina lake Jacob Davis, wa ku America. Anaona kuti anthu a ntchito zolemetsa matumba awo ankangosomoka, ndiye mu 1873 iye ndi Levi Strauss, wamalonda wogulitsa nsalu, analembetsa nzeru imeneyi kuboma. Ndimamunyadira munthu ameneyo, chifukwa anayang'anitsitsa pomwe chovala chimayambira kung'ambika.

Dzina londisangalatsa kwambiri ndi kaki. Ndili mnyamata ndinali ndi kabudula wa kaki, osadziwa kuti khaki ndi mawu a ku India otanthauza mtundu wa fumbi. Asilikali a Britain kumeneko anayamba kuvala zotere cha m'ma 1840 kuti adani asamawaonere patali. Nalonso thonje, longa lija amalima ku Chikwawa, Angerezi amati cotton, koma mawuwo anabwereka kwa Aluya, amene amati qutn.

Upemphe aphunzitsi akuonetse Genoa ndi Nîmes pa mapu, udzandiuze wakhala pafupi ndi nyanja ndi uti. Amayi ako uwauze kuti bulukulo azilitembenuza pochapa ndipo aziliyanika pamthunzi, lingasuluke. Upereke moni kwa onse.

Ndine agogo ako okukonda.