Baraka yatilanda tulo, chonsecho lamulo la phokoso lilipo

A Mkonzi,

Ndikulemba kalatayi pafoni nthawi ili cha m'ma 1 koloko usiku, osati kuti ndimakonda kulemba usiku ayi, tulo ndiye palibe. Ndimakhala ku Ulongwe kuno, boma la Angonia m'chigawo cha Tete, nyuzipepala yanu imatipeza ndi anzathu a geni amene amadutsa pa Calomue kupita ku Dedza, ena timangowerengera pafoni pomwepa. Ndiye ndati nkhani yathu imvekeko, poti matenda amenewa ndikudziwa ali tsidya lino ndi tsidya lanulo lomwe.

Kuseri kwa nyumba yanga, kungodumpha mpanda wa njerwa, kuli baraka, kamalo kogulitsira mowa. Sinditchula dzina, mwini wake ndi munthu woti timakumana naye pamaliro. Poyamba inali kagolosale chabe, sopo, mchere, ma 2M pang'ono mufiliji, wailesi yaing'ono, palibe amene ankadandaula. Chaka chatha anagula masipika awiri aatali ngati mwana wa kalasi yachisanu nkuwaika panja pakhonde atayang'ana kunyumba zathu, ati kuitana makasitomala. Kuyambira pamenepo Lachinayi mpaka Lamulungu ndi nkhondo. Nyimbo zake sindikuzinyoza, zina ndimazikonda ndithu, koma besi ija ikagunda malata anga amanjenjemera, supuni mukapu imalira yokha pathebulo, ndipo mayi anga amene ali ndi BP amakhala tsonga pamphasa atakulunga chitenje kumutu mpaka tambala woyamba. Magetsi akazima musaganize kuti tapuma, jenereta ilipo, ndiye phokoso limakhala pawiri.

Ine ntchito yanga ndi mbatata. Ndimapikula kwa alimi aku Tsangano ndi ku Domwe nkumatumiza ku Tete, 4 koloko mbandakucha ndiyenera kukhala ndili pamsika kuwerenga matumba akamakwera galimoto. Munthu wagona maola awiri awerenga bwanji matumba? Tsiku lina ndinalipira mnyamata wonyamula kawiri, iye sanandikumbutse, ndinazindikira ndili kunyumba.

Ndinayamba mwaulemu monga tinaleredwera. Ndinapita masana, ndinagula Fanta kuti ndisaoneke ngati ndabwera ndi ndewu, ndinati achimwene, geni yanu sitikuikaniza, koma ikakwana 10 koloko tatsitsaniko pang'ono, kunyumbaku kuli odwala. Anandiyankha akupukuta magalasi osandiyang'ana nkomwe, ati bambo ine ndili ndi layisensi, ndimakhoma msonkho, ofuna bata abwerere kumudzi. Anyamata amene anali pa pool anaseka. Mawa lake mkazi wanga anamva kumjigo kuti ife ndi ansanje, sitifuna mnzathu atukuke. Apa ndiye pamene pamafera nkhani zambiri za phokoso kwathu kuno, munthu amaopa kutchedwa wansanje kapena mfiti, amalolera kugona ndi thonje m'makutu.

Tinakatula nkhani kwa akuluakulu a dera, tinakhala pansi pa mtengo, nyumba zisanu ndi ziwiri zinabwera, tinagwirizana kuti 22 horas, ndiye kuti 10 koloko usiku, masipika azilowa m'nyumba. Zinayenda masabata awiri. Sabata yachitatu anthu analandira malipiro, basi pangano lija linathera pomwepo, chifukwa linali la pakamwa ndipo silinanene kuti akaphwanya chimuchitikire nchiyani.

Amene ananditsegula maso ndi mphwanga, mwana wa chemwali anga, anaphunzira za malamulo. Atabwera kudzaona agogo ake anagona usiku umodzi wokha, m'mawa maso ali psuu anati malume, mukuvutikiranji chonchi ngati lamulo kulibe. Ine ndimaganiza kuti phokoso ndi nkhani ya makhalidwe basi, yoti munthu ukhoza kungopempha. Kani ayi.

Anandionetsa pafoni nkumandimasulira, poti zonse zili m'Chipwitikizi cha maloya chimene ngakhale ife tinapitako kusukulu chimatizungulitsa mutu. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004, ndime 90, amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala pamalo abwino osaonongeka. Ndiye pali Lei do Ambiente, lamulo la zachilengedwe nambala 20/97 la chaka cha 1997, limene pofotokoza kuipitsa malo silinena za zinyalala ndi utsi zokha, limatchulanso kutulutsa phokoso lopyola muyeso. Lamulo lomwelo limapatsa munthu wolakwiridwa mphamvu yopempha kuti chimene chikumuvutitsacho chiimitsidwe msanga, ndiponso ngati wavulala kapena waluza katundu ndi phindu akhoza kukasuma kukhoti kuti alipidwe. Koma imene inandigwira mtima ine ndi ndime 1346 ya Código Civil, buku lakale lija la 1966 limene tinatsala nalo Apwitikizi atapita. Imanena mosapsatira kuti mwini nyumba akhoza kukana utsi, fungo, kutentha, phokoso ngakhale kunjenjemera kochokera kwa woyandikana naye ngati zikumulepheretsa kugwiritsa ntchito bwino nyumba yake. Kunjenjemera, a Mkonzi! Ngati kuti amene analemba anaona supuni yanga ija.

Ndiye zoti "ndili ndi layisensi" zija sizigwira. Layisensi ndi yogulitsira mowa, siyolowera kuchipinda kwanga usiku.

Njira zilipo zingapo ndipo sizofanana mtengo. Yapafupi ndi khoti la m'dera, tribunal comunitário, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992 kuti aziweruza timilandu ta anthu okhala moyandikana, safuna loya, sangamange munthu koma akhoza kuyanjanitsa ndi kugamula kachindapusa. M'matauni okhala ndi munisipiyo, ndiye kuti khonsolo ya tauni, ngati wathu uno amene anakhala munisipiyo mu 2008, mumakhala malamulo a tauni otchedwa posturas, ndipo apolisi a munisipiyo ndi amene amalemba multa, chindapusa, kwa owaphwanya. Kulinso a boma oyendera mabizinesi, amenewo akhoza kulipiritsa ngakhale kutseka malo. Wofuna kukafika kukhoti lalikulu koma alibe ndalama ya loya, a IPAJ, ofesi ya boma yothandiza pa milandu, anaikidwira anthu ngati amenewo. Zonsezi ine ndazidziwa ndili ndi imvi, ndipo ndikukhulupirira pamsika wathu wonse odziwa sakwana khumi.

Koma dandaulo langa lenileni ndi ili. Lamulo likamati phokoso lopyola muyeso, muyeso wake ndi uti? Decreto 18/2004 imene inaika miyeso ya utsi ndi madzi oipa, pofika pa phokoso inasiyira unduna kuti udzaike manambala. Nchifukwa chake malipoti a ntchito zikuluzikulu ngati za migodi amakonda kubwereka manambala a World Bank, madesibelo (muyeso wa phokoso) 55 masana ndi 45 usiku kumalo okhala anthu, usiku wake kuyambira 22 horas mpaka 7 m'mawa. A WHO amati kuchipinda chogona phokoso lisapitirire 30 kuti munthu agone bwino, ndipo akatswiri a makutu amati kukhala maola 8 tsiku ndi tsiku pa 85 kumagonthetsa. Ndimamvera chisoni kamtsikana kogulitsa pa baraka paja, kamaima pafupi ndi sipika usiku wonse, pofika zaka 40 kazidzangoti "mwati bwanji?" Mphwanga anaika kapulogalamu koyezera phokoso mufoni mwanga, akuti sikolondola ngati makina enieni ndipo kukhoti sikangaime pakokha, komabe kuchipinda kwa mayi zitseko zotseka kanaonetsa kutali pamwamba pa 45 uja, amene ndi wa panja. Popanda nambala yolembedwa imene aliyense akuidziwa, wapolisi akabwera zimangokhala zokangana, uyu akuti lakwera uyu akuti silinakwere, mwini baraka amatsitsa akaona galimoto, ikangokhota pakona wakwezanso.

Za multa nazo ndinene maganizo anga, ena akwiya kaya. Chindapusa cha ndalama chokha sichingathetse vutoli. Munthu amene Loweruka limodzi amagulitsa makireti osawerengeka, multa amaiona ngati Credelec ya magetsi, walipira wapitiriza. Ndiponso paliponse pamene chilango chili ndalama yapamanja pamabadwa zokambirana za kuseri, tonse tikudziwa. Chimene chingamupweteke ndi sipika. Koyamba chenjezo lolembedwa, kachiwiri multa yokhala ndi lisiti, kachitatu masipika anyamulidwe akagone ku ofesi mwezi wathunthu, akapitiriza layisensi iimitsidwe. Ndipo popereka layisensi pomwepo azifunsa kuti nyimbo muziimbira mkati kapena panja, makoma alipo? Chifukwa baraka zambiri ndi khonde ndi malata basi, phokoso lilibe pobisala.

Wina anandifunsa kuti nanga maliro, nanga ukwati, nanga gule akatuluka, ng'oma zija si phokoso? Ndi phokoso inde, koma maliro sachitika pakhomo limodzi Lachinayi lililonse, ndipo amakuuza, umadziwa kuti lero sitigona mawa tigona, ndiwenso umakhala nawo pomwepo. Zimenezo lamulo lizisiye kapena lingofuna kuti anthu adziwitsidwe. Koma ndisakondere, si mabaraka okha. Kuli matchalitchi ena amene anthu ali khumi ndi awiri mkati koma sipika yapadenga ikulalikira dera lonse mpaka kucha, ine ndine wopemphera ndithu koma Mulungu sanagonthe. Kuli a chigayo oyamba 3 koloko usiku pakati pa nyumba za anthu, kuli anyamata a njinga zamoto ochotsa dala sailensa. Lamulo likagwira wa mowa yekha nkusiya wa Baibulo anthu adzati nzokondera, ndipo adzakhala akunena zoona.

Pempho langa kwa a wailesi, Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, ndi mawailesi a m'madera alipo, tatiwerengereniko malamulo amenewa m'chilankhulo chathu, ndime ndi ndime, anthu adziwe kuti kudandaula za tulo si nsanje. Aphungu a munisipiyo nawo atiuze poyera ola lotsitsira nyimbo ndi multa yake, azimate pamsika ndi pakhomo la baraka iliyonse monga amamatira mitengo ya mowa.

Ife wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mphwanga watiuza kuti tisiye zapakamwa, tizilemba. Ndiye tili ndi kope, mkazi wanga amalemba tsiku, ola loyamba ndi ola lothera, timajambulanso mawu pafoni tili kuchipinda, kapepala ka kuchipatala ka mayi takasunga. Kalata yodandaula yalembedwa m'Chipwitikizi, makope awiri kuti imodzi adinde tibwere nayo, nyumba zisanu ndi zinayi zasaina, ziwiri zakana poti amuna ake amamwa pangongole pomwepo. Lolemba m'mawa ndikangotsiriza kukweza mbatata tikukapereka. Pano ikutha 2 koloko, kuseriku angoyambitsanso nyimbo imene yalira kale kanayi usiku uno.

Wogulitsa mbatata,
Ulongwe, Angonia