Kalata kwa Mpingo pa Nkhani ya Zida za Nyukiliya

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Nkhani ya zida za nyukiliya yayambanso kumveka, ndipo mumpingo muno tikuilandira mosiyana. Ena agwidwa ndi mantha, ena akuti ndi masiku otsiriza basi tingopinda manja. Achinyamata ena ndawamva akuchemerera atsogoleri oonetsa mizinga pa perete ngati akuchemerera timu ya mpira. Koma funso limene landichititsa kulemba ndi ili, limene mkulu wina wa mpingo anandifunsa: "Abusa, Paulo sananene kodi kuti wolamulira sagwira lupanga kwachabe? Nanga dziko likasula lupanga lalikulu, lalakwa chiyani?"

Funsoli ndi la nzeru. Boma lili ndi udindo woteteza anthu ake, ndipo inu amene muli ndi ana kapena abale ku usilikali musachite manyazi ndi ntchito yawo. Koma werengani bwino Aroma 13:4. Lupanga limenelo ndi lolangira wochita zoipa, ndiye kuti woligwira amaona amene akumukantha. Bomba la nyukiliya siliona munthu. Pa 6 Ogasiti 1945 bomba limodzi linagwa pa mzinda wa Hiroshima ku Japan, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 140,000 anali atafa, ena ndi moto, ena ndi matenda obwera ndi cheza cha bombalo. Patapita masiku atatu lina linaphulika ku Nagasaki, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Urakami, ndipo Akhristu masauzande a m'deralo anathera pomwepo. Kumbukirani kuti Mulungu anadzudzula Yona chifukwa cholakalaka kuti Nineve apse, mzinda wa anthu oposa 120,000 osadziwa kusiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere. Chimene Mulungu anakaniza mneneri wake, sindikuona kuti angachiloleze pulezidenti.

Akatswiri a zachitetezo amayankha kuti zidazi si zoponya, n'zoopsezera chabe: mdani akadziwa kuti akaponya nayenso apsa, sayamba. Ndivomereze kuti chichokereni 1945 palibe dziko limene laponyanso bomba lotere pankhondo, ndipo mwina manthawo athandizadi. Vuto n'lakuti kuopsezako kumagwira ntchito pokhapokha mtsogoleri ali wokonzekadi kutentha mizinda ya anzake, ndipo ali ndi mphindi zowerengeka zoti aganize. Pa 26 Seputembala 1983 makina a Soviet Union, dziko lalikulu limene Russia inali mbali yake, anaonetsa kuti America yaponya mizinga isanu. Msilikali amene anali pa ntchito usiku umenewo, Stanislav Petrov, anakayikira n'kuuza akuluakulu ake kuti makina alakwitsa. Makinawo analakwitsadi: kunali kuwala kwa dzuwa pa mitambo. Mtendere umene ukudalira kuti usiku uliwonse pampando pakhale munthu wodekha ngati ameneyo, ine sindingaugonere tulo.

Chimene chachepetsa ngozi ndi adani kukhala pansi n'kukambirana. Cha m'ma 1986 padziko panali mabomba a nyukiliya pafupifupi 70,000, lero alipo pafupifupi 12,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi a America ndi Russia. Anatsika chonchi chifukwa cha mapangano, monga la mu 1987 la Ronald Reagan wa America ndi Mikhail Gorbachev wa Soviet Union, anthu amene sankakhulupirirana koma analola kuti mbali iliyonse izikayendera zida za inzake. Panganolo linatha mu 2019. Lina la America ndi Russia lotchedwa New START, lololeza mbali iliyonse mabomba 1,550 okonzeka kuponyedwa, linali lofika Febuluwale 2026, koma Russia inaimika mbali yake mu 2023.

Pali chisalungamo china chimene sindingachibise. Pangano loletsa kufalikira kwa zidazi, limene linayamba kugwira ntchito mu 1970, linali lakuti mayiko opanda mabomba asapange, ndipo asanu amene anali nawo kale, America, Russia, Britain, France ndi China, akambirane zowathetsa. Ang'onoang'ono ambiri asunga mawu awo, akuluakuluwo akukonzanso zida zawo kuti zikhale zamakono. India, Pakistan ndi Israel sanalowemo n'komwe, North Korea inatulukamo n'kuyesa bomba lake mu 2006. Ndipo Ukraine, imene inapereka mabomba amene anatsala m'dziko mwake itatha Soviet Union, italonjezedwa ku Budapest mu 1994 kuti malire ake adzalemekezedwa, inalandidwa dera la Crimea ndi Russia mu 2014 n'kuthiridwa nkhondo ndi Russia yomweyo mu 2022. Mtsogoleri aliyense woona zimenezi angaganize kuti wopusa ndi wotaya bomba. Apa tchimo lalikulu lili kwa ophwanya lonjezo, chifukwa akuphunzitsa dziko lonse kuti mawu a pangano ndi mphepo. Komabe mabomba akachuluka m'manja ambiri, mausiku ngati a Petrov achulukanso. South Africa inapanga mabomba asanu ndi limodzi n'kuwaphwasula yokha, ndipo pangano la Pelindaba la mu 1996 linaika Africa kukhala dera lopanda zidazi. Ndiye kuti n'zotheka.

Kwa inu amene mukuti zonsezi zinalembedwa kale, ndikuchenjezeni mwachikondi. Ambuye anati za tsikulo palibe akudziwa, ndipo sanatitume kuti tizilakalaka moto ugwere ana a anthu ena kuti ulosi ukwaniritsidwe msanga. Mu 2017 mayiko 122 anavomereza ku United Nations pangano loletseratu zidazi, ndipo mipingo yambiri inalithandizira. Amenewo ndi amene ndikufuna tiime nawo.

Choncho Lamlungu loyandikira 6 Ogasiti tidzapatula nthawi yopempherera olamulira, monga 1 Timoteo 2 akutilamulira, makamaka a mayiko asanu ndi anayi amene ali ndi zidazi, tiwakonde kapena tisawakonde. Tidzapemphereranso akazembe okambirana mapangano ndi asilikali olondera makina usiku. Atsogoleri a achinyamata, chonde konzani zokambirana pa Yona 4 ndi Yesaya 2 lisanafike tsikulo, ndipo mundiitane ndidzakhale nanu.

Ambuye akusungeni.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.