Malo olimbitsira thupi asakhale a olemera okha

A Mkonzi,

Makhonsolo a m'mizinda ayenera kuika ndalama pa malo olimbitsira thupi a m'madera osauka, osati kumangosiyira anthu ongodzipereka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi mphindi 60 tsiku lililonse, koma kafukufuku wake wa mu 2019 adapeza kuti achinyamata 4 mwa 5 alionse sakufikapo.

Ndimaphunzitsa achinyamata kunyamula zitsulo m'kashedi kena. Zonyamula zathu zina ndi simenti yothira m'zitini za penti, benchi ndi thabwa lokhoma tokha. Komabe mnyamata amene ankangokhalira kusuta chamba amafika pa nthawi yake, chifukwa amadziwa kuti akajomba, kochi amulondola mpaka kwawo. Vuto ndi lakuti kochi nayenso amafuna kudya. Akapeza ntchito yolipidwa amachoka, gulu n'kubalalika.

Khonsolo itsegule maholo amene amangokhala okiya madzulo, izilipira makochi kangachepe, iwaphunzitsenso chithandizo choyamba kwa wovulala. Pakhalenso kochi wamkazi ndi chipinda chosinthiramo zovala chokhala ndi loko, apo ayi makolo ambiri sadzalola atsikana kubwera.

Kochi wongodzipereka