Aphunzitsi a phunziro limodzi m'mayunivesite azikumana

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya ukachenjede, ndipo ndikupempha bungwe la National Council for Higher Education pamodzi ndi akuluakulu a mayunivesite kuti atithandize kukhazikitsa magulu olumikiza aphunzitsi a phunziro limodzi m'dziko lonse.

Ambirife tinalembedwa ntchito chifukwa cha madigiri athu, osati chifukwa chakuti tinaphunzira kaphunzitsidwe. Maphunziro a masiku awiri omwe amatisonkhanitsa m'holo imodzi, wa zamalamulo, wa unamwino ndi wa masamu, ali ndi phindu lake, koma safika pomwe pali bala. Wophunzira wochokera ku sekondale yoyendera, amene anakhoza bwino MSCE koma mutu waima atangokumana ndi masamu apamwamba otchedwa calculus m'kalasi ya anthu mazana awiri, angathandizike ndi nzeru za mnzanga wa masamu yemwe analimbanapo ndi vuto lomwelo ku Mzuzu kapena ku Thyolo. Mnzangayo sindimudziwa, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Koleji ya Bunda itachoka mu University of Malawi mu 2012, kenako yunivesiteyo itagawidwa mu 2021 n'kubereka mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS, aphunzitsi omwe anali pansi pa denga limodzi anabalalika, moti aliyense akulima munda wake payekha.

Ku Britain anakhazikitsa malo 24 olumikiza aphunzitsi a m'mayunivesite m'chaka cha 2000, aliwonse oyang'anira maphunziro ake, ndipo kumeneko aphunzitsi ankagawana njira zophunzitsira, mafunso a mayeso ndi zida za m'kalasi. Malowo anatsekedwa patatha zaka zoposa 10 ndalama zitachepa, n'chifukwa chake sindikufuna kuti ife tiyambe ndi maofesi ndi magalimoto odalira thandizo lakunja. Kuno kwathu aphunzitsi a masamu ndi sayansi a ku sekondale akhala akukumana ndi kuphunzitsana kudzera mu SMASSE, ndondomeko yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi m'masekondale, choncho nzeruyi si yachilendo.

Pempho langa n'lakuti yunivesite iliyonse itenge phunziro limodzi kapena awiri n'kumaitana anzawo kamodzi pa chaka nthawi ya tchuthi, zokambirana zina zizipitirira pa intaneti, ndipo ntchito imeneyi iziwerengedwa pokweza mphunzitsi pa udindo monga mmene amawerengera kafukufuku. Ife a masamu tikhoza kuyamba ndi maphunziro a chaka choyamba, pomwe ophunzira ambiri amapunthwa.

Mphunzitsi wa masamu,
Lilongwe