Za kotesheni ya nyumba ya amayi ku Bangwe

Achimwene,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Johannesburg. Zithunzi za makotesheni awiri zimene munanditumizira pa WhatsApp ndinaziona Lachiwiri usiku, ndipo funso lanu loti kodi amisiriwa akufuna kukuberani kapena ayi ndaona kuti silingayankhidwe ndi mawu awiri a pa foni. N'chifukwa chake ndatenga pepala. A Chisale akukwera basi pa Wenela Loweruka m'mawa, ndipo ndi iwo amene akupatsireni kalatayi pamanja.

Ndiyambe ndi kukudzudzulani pang'ono, monga mnzanu wa kuyambira ku pulayimale. Munalemba kuti K9,400,000 ya pa kotesheni ya mmisiri wa ku tchalitchi ndi ndalama yomangira nyumba yatsopano, osati yokonzera nyumba yakale. Mawu amenewo andionetsa kuti m'mutu mwanu mukadali mitengo ya chaka chimene munachoka kuno, ndipo mukafika pa hadiweya ku Limbe ndi mitengo imeneyo anyamata ogulitsa adzaganiza kuti mukuwauza nthano za agogo awo. Kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zinthu zambiri zomangira, kuyambira zitsulo zopangira malata, misomali, penti, mpaka mafuta a galimoto yonyamula mchenga, zimadalira ndalama zakunja. Musayerekezenso ndi mitengo ya m'mashopu a kumeneko poisintha kuchoka ku randi, chifukwa katundu yemweyo akafika kuno amakhala atasenza mtengo wa ulendo ndi wa msonkho. Nambala ya pansi pa pepala payokha siingakuuzeni ngati munthu ndi wakuba kapena wachilungamo. Chimene chingakuuzeni ndi mizere imene ili pamwamba pa nambalayo, ndipo ine ndayenda nayo umodziumodzi.

Lachinayi ndinapita ku Bangwe ndi tepi yoyezera. Nyumba ndi ya mamita 9 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi. Mng'alu wa khoma la kumbali ya phiri, umene unayamba ndi mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, wakula moti chala changa chikulowa, ndipo watsika mpaka pa maziko. Ndinakwera pa mpando n'kugogoda matabwa a kudenga la chipinda cha amayi, ndipo awiri mwa iwo akulira ngati ng'oma chifukwa chiswe chadya m'kati n'kusiya khungu lokha. Choncho ntchito imene mmisiri wa ku tchalitchi uja walemba, yochotsa denga lonse, kugwetsa khoma limodzi n'kulimanganso, kuthira bimu pamwamba pa makoma, kupaka pulasitala ndi kukonza pansi, ndi ntchito yofunikadi. Sanaonjezere chinthu chongofuna kukometsa pepala.

Koma pa malata ndi pamene mtima wanga wakana kukhazikika. Walemba malata a IBR okwana 44, a mafiti 14. Lata limodzi la IBR likagundana ndi linzake limaphimba mamilimita 686. Denga lanu, tikawerengera ndi mbali zotuluka kunja kwa makoma, ndi la mamita 10, ndipo mukagawa mupeza malata 15 mbali imodzi, 15 mbali inayo, onse pamodzi 30. Nanga 14 enawo akupita kuti? Ndinawerenga ndili pakhonde la amayi, ndinawerenganso m'minibasi, ndipo nditafika kunyumba ndinatenga pensulo n'kujambula denga lonse pachikuto cha kope la mwana. Mayi a kunyumba kuno anandifunsa ngati nyumbayo ndi yanga. Usiku ndinakumbukira khitchini ya panja ija, imene denga lake ndi lobowoka ngati sefa, ndipo Lachisanu ndinabwereranso kukaiyeza. Ikufuna malata 6, ndipo ndi aafupi, osati a mafiti 14. Tikapatsa mmisiri malata 2 apadera, oti lina likapindika kapena likadulidwa molakwika pakhale polowera, tifika pa 38. Atsala 6 amene sindikuwapezera denga. A Mbewe, amene ndinawaonetsa pepalali, akuti mwina munthuyo anangoyeza ndi maso ataima pabwalo, monga amachitira amisiri ambiri akaona kuti mwini nyumba ali kutali ndipo safunsa. Zikhoza kutheka. Koma malata 6 a mafiti 14 ndi ndalama imene inu mumaigwirira ntchito masiku ambiri m'nyengo yozizira ya kumeneko, ndipo sindingalole kuti ingodutsa chifukwa cha maso a munthu. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndidzamutengera pambali n'kumupempha kuti tiwerengere limodzi, popanda kumutchula wakuba, chifukwa munthu ukayamba ndi kumunyoza amasiya kukuuza zoona.

Chimene chikundidetsa nkhawa kuposa chiwerengerocho ndi chakuti sanalembe geji ya malatawo. Apa mumvetse bwino, chifukwa ambiri amasokonezeka: nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti lata ndi lochindikala. Geji 28 ndi yolimba kuposa 30, ndipo 32 ndi yopyapyala moti munthu akaiponda pokhoma imatsala ndi chizindikiro cha phazi. Mitengo yake imasiyana kwambiri, ndipo pepala losatchula geji limasiya khomo lotseguka loti munthu alandire ndalama ya 28 n'kukhoma 32, amayi osazindikira mpaka dzimbiri litayamba. Muumirire kuti alembe geji, alembe utali, alembenso ngati ndi openta kapena oyera.

Pa simenti ndiye ndimuikira kumbuyo. Walemba matumba 60 a makilogalamu 50, ndipo inu munati ndi ochuluka. Pulasitala wa kunja konse ndi zipinda ziwiri za m'kati ndi pafupifupi masikweya mita 140, ndipo thumba limodzi, likasakanizidwa ndi mawilibala awiri ndi theka kapena atatu a mchenga, limapaka masikweya mita 8 mpaka 10, malinga ndi kuwongoka kwa khoma. Njerwa zootcha za nyumba ija si zowongoka, choncho zidzadya matumba 16 kapena kuposerapo. Pansi pa nyumba yonse pakufunika matumba oposa 20. Khoma latsopano, maziko ake ndi bimu yozungulira nyumba zitenga ena pafupifupi 16. Mukaphatikiza muona kuti tadutsa kale 50, ndipo otsalawo ndi a masitepe, mawindo ndi zotayika. Munthu amene angakulonjezeni kuti achita zonsezi ndi matumba 35 ndiye kuti adzachulukitsa mchenga, ndipo pakatha mvula ziwiri pulasitala adzayamba kuyoyoka mukangomukhudza ndi dzanja. Chokhacho, alembe kuti ya bimu ndi simenti iti, chifukwa pali ya 32.5 ndi ya 42.5, ndipo ya 42.5 ndi imene ili yamphamvu komanso yokwera mtengo.

Ndalama ya leba walemba payokha, K2,100,000, imene ndi yochepera pang'ono pa gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama yonse. Pamene ndinkakhoma denga langa mu 2021 gawo la amisiri linali chapompo, ndipo ntchito yogwetsa ndi kukonza ndi yovuta kuposa yomanga pamalo popanda kanthu, chifukwa sudziwa chimene upeze ukachotsa lata loyamba. Pamenepa musamupanikize kwambiri. Mmisiri amene wafinyidwa pa leba amakabweza ndalama yake pa simenti.

Tsopano za kotesheni ya msuweni wanu. Ndaiwerenga, ngakhale kuti munalibe zambiri zowerenga, chifukwa ndi mzere umodzi wonena kuti kukonza nyumba yonse ndi K6,000,000. Ndikudziwa kuti mtima wanu wapendekera kumeneko, poti kusiyana kwake ndi K3,400,000 ndiponso ndi mwana wa amalume anu. Koma ndikufunseni: nyumba yonse ndiye kuti chiyani? Kodi bimu ilimo? Kodi khoma long'ambika adzaligwetsa, kapena adzangomata mng'alu ndi simenti n'kupaka laimu pamwamba? Matabwa ndi a paini wouma, kapena ndi aawisi amene adzapindike dzuwa likawomba pa malata? Pepala limene silinena kanthu silingatsutsidwe pa chilichonse, ndipo tsiku limene adzakuimbireni foni kuti ndalama yatha denga lili pakati, simudzakhala ndi poloza chala. Mudzatumiza ina, chifukwa amayi sangagone pansi pa mitambo. Akuluakulu anati chibale ndi fupa sichiwola, ndipo n'chifukwa chake ndikuopa, poti mmisiri wachilendo mukhoza kumutengera kwa amfumu, koma mwana wa amalume simungamutengere kulikonse popanda kugawa banja pakati. Ngati mukufuna kuti apezepo kanthu, ndipo n'zoyenera, apatsidwe ntchito ya penti kapena yoyang'anira katundu pa malipiro odziwika. Akafuna ntchito yonse, alembe mzere uliwonse monga wachitira mnzakeyo, kenako tiyerekeze zinthu zofanana.

Ngakhale pepala labwino lija lili ndi mabowo, ndipo zimene zasiyidwa ndi zimene zimadzatopetsa munthu pakati pa ntchito. Sindinaone mtengo wa galimoto yonyamula katundu kuchoka ku Limbe, pamene mukudziwa kuti msewu wolowera kwa amayi lole yaikulu siifika pakhomo, ndipo pafunika anyamata a ganyu onyamula pamutu. Sindinaone mankhwala opaka matabwa oteteza ku chiswe, chikhalirecho chiswe ndi chimene chatifikitsa pano. Zophimbira pamsonga pa denga palibe. Madzi osakanizira simenti adzagulidwa pa kiyosiki ndi ndalama ya yani? Sanalembe ngati mchenga ndi wa kumtsinje kapena wa kudambo, pamene konkire ya bimu imafuna wa kumtsinje pamodzi ndi kwale. Sanalembenso kuti mitengo yakeyi ikhala masiku angati isanasinthe, ndipo masiku ano mtengo wa mwezi uno si wa mwezi wamawa. Malata akale ochotsedwawo ndi a amayi, ndipo zilembedwe, chifukwa ena mwa iwo akhoza kufolera bafa ndi khola la nkhuku. Palinso nkhani ya nsima ya amisiri. Mukapanda kuikamba poyera, amayi adzaphikira anthu asanu tsiku lililonse ndi ufa wawo umene a Nambewe anawathandiza kukagayitsa, ndipo sadzakuuzani, chifukwa kwa iwo munthu wogwira ntchito pakhomo sangakhale ndi njala.

Maganizo anga ndi awa. Musatumize ndalama ya katundu kwa mmisiri aliyense. Tumizani pa Mukuru kwa achemwali anu, ndipo ine ndidzapita nawo ku Limbe, tikafunse mitengo m'mahadiweya atatu, tigule tokha, ndipo lisiti lililonse mudzaliona pa foni tsiku lomwelo. Simenti tidzagula pang'onopang'ono, chifukwa ikakhalitsa pa chinyezi imauma m'thumba momwemo. Leba ilipidwe m'magawo: pang'ono poyamba, ina khoma ndi bimu zikatha, ina denga likakhomedwa, ndipo gawo lomaliza lisungidwe mpaka mvula yamphamvu itagwa ndipo taona kuti palibe podontha. Zimenezi zilembedwe pa pepala, asayine mmisiri, achemwali anu ndi mboni imodzi ya ku tchalitchi.

Chimene sindingakubisireni ndi nthawi. Tili kale mu Okutobala, ndipo Novembala akamatha mvula imakhala yayamba. Denga silichotsedwa mitambo itakuta phiri la Bangwe. Mukazengereza milungu itatu mukuyerekeza mapepala, ntchitoyi idikira mpaka Epulo, ndipo sindikhulupirira kuti khoma lija lingapirire dzinja lina. Amayi anandionetsa pamene amaika mabeseni atatu usiku, ndi ngodya imene amakokera mphasa yawo madzi akayamba kulowa. Sanadandaule. Anangondifunsa ngati mudzabwera kudzaona nyumbayo ikatha, ndipo anabwereza funsolo pondiperekeza pa msewu. Ndinawayankha kuti ndikulemberani. Pa maliro a aPhiri mwezi watha anakhala pansi nthawi yonse chifukwa miyendo inkawavuta, ndipo ndi pamene ndinaona kuti akula kuposa mmene mawu awo amamvekera pa foni. Pa nthawi ya ntchito adzagona kwa achemwali anu ku Machinjiri, ngakhale akukana kuti sangasiye nkhuku zawo.

Malata 6 aja akundivutabe. Ndaganizanso tsopano kuti mwina anawerengera khonde la kutsogolo ngati loti likulitsidwe, koma inu simunanene zokulitsa khonde, ndipo ngati munanena pa foni osandiuza, mundiuze msanga ndisanakamuchititse manyazi munthu Lamulungu. Pepala landithera ndipo ndikulemba m'mphepete. Za mawindo ndinafuna kunena kuti mafelemu achitsulo aja musalole kuti awachotse onse, chifukwa awiri a kuchipinda chochezera ndinawakanda ndi kiyi ndipo dzimbiri silinalowe.

Ndine mnzanu wa ku Chigumula.